Kanjira ka m'mbali mwa nyanja: kozungulira, kopita n'kubwerera, kam'tauni kapena kapadamu?

Anthu ambiri akafuna koyenda pang'ono m'mbali mwa nyanja, n'kusambirako komanso kudya pikiniki, amayang'ana zinthu ziwiri basi, chithunzi ndi makilomita. Akaona madzi obiriwira pa foni, pansi palembedwa kuti njira yake njosavuta, nde pulani yatha. Ine masiku ano ndimayamba ndi funso lina: tikalowera pati m'madzi, ndipo malo amenewo ali pamtunda wanji kuchoka pomwe tasiya galimoto kapena potsikira basi? Yankho la funso limeneli ndi lomwe limanena ngati tsikulo likome kapena mubwerere mutakwiyitsana.

Ndinaphunzira zimenezi tsiku lina titatenga mayi anga ndi ana awiri, wamng'onoyo ali ndi zaka 4, kukazungulira kanyanja kena. Gombe labwino linali poyambira penipeni, mamita mwina 300 kuchoka pa galimoto. Ana ataona mchenga sanamvenso za munthu, analowa, ifenso tinawalola. Atatuluka tinawaveka nsapato mapazi asanaume bwino, mchenga uli pakati pa zala, n'kuyamba ulendo wozungulira. Pofika tsidya lina wamkulu anali ndi matuza awiri kuchidendene, wamng'ono ali kumsana kwanga akugona, dzanja lina ndanyamula cooler box, mayi akufunsa mwakachetechete kuti kwatsala patali bwanji, ndipo ine ndikudziwa kuti kubwerera ndi kupitirira mtunda wake ngofanana. Njirayo inalidi yosavuta monga analembera, kungoti sinali yoyenera gulu lathu, komanso tinayamba ndi chomwe chimayenera kukhala chomaliza.

Nde tiyambe ndi yomweyo, njira yozungulira kanyanja konse. Ubwino wake ngoonekeratu, simuona chinthu chimodzi kawiri, kutsogolo kulikonse n'kwatsopano ndipo ukamaliza mtima umakhala m'malo kuti ndaizungulira yonse. Zitsanzo zodziwika zilipo: nyanja ya Bled ku Slovenia njira yake ndi pafupifupi makilomita 6, mbali yaikulu njathyathyathya, kachisumbu kokhala ndi tchalitchi kaja mumakaona mbali zonse, ndipo pali magombe angapo osambirapo monga Velika Zaka chakumadzulo. Ku New Zealand, pafupi ndi Rotorua, kuli Tikitapu yomwe amaitchanso Blue Lake, makilomita 5.5, anthu amaizungulira pa ola limodzi ndi theka, koma iyoyo ili ndi timapiri ndi masitepe ena m'nkhalango. Ya kanyanja ka Walden Pond ku Concord, Massachusetts, ku America, njaifupi zedi, makilomita 2.7 okha. Munthu wamkulu pamalo osalala amayenda makilomita 4 kapena 5 pa ola, nde mukawerengera mumaona ngati nzachibwana, koma mukakhala ndi ana ang'onoang'ono dulani liwiro limenelo pakati, chifukwa mwana saima chifukwa chatopa chokha, amaimira chule, kamtengo, mwala woti aponye m'madzi, ndipo zimenezo ndiye ulendo wake weniweni, osamuthamangitsa.

Vuto la yozungulira ndi lomwe ndanena lija, ilibe pothawira. Mukafika theka mwamangika. Mitambo ikada, bondo la agogo likayamba kuvuta, mwana akaponda munga, palibe chidule chifukwa pakati pali madzi. Chinanso chomwe mapu sakuuzani bwino n'chakuti mawu oti "yozungulira nyanja" sakutanthauza kuti njira yonse ili pamphepete pa madzi ayi, nthawi zambiri tsidya linalo kumakhala phompho kapena dambo kapena malo a eni ake, nde njira imakwera m'nkhalango kapena kulowa mumsewu wa galimoto, madzi mukungowaonera m'mipata ya mitengo. Ngati mwasankha iyiyi, zungulirani molowera mbali yoti gombe losambira likhale kumapeto, makilomita ovuta muyambe nawo miyendo ikadali ndi mphamvu, ndipo zakudya zolemera zisiyeni m'galimoto ngati gombelo lili pafupi ndi poimika, mungonyamula madzi ndi kopusitsa m'kamwa. Kwa akuluakulu okhaokha kapena ana a zaka 8 kupita m'mwamba, iyi ndi yomwe ndimaikonda kuposa zonse.

Koma ndikakhala ndi gulu losakanikirana ndimasankha njira yopita n'kubwerera yotsata gombe. Ena amainyoza kuti aaa, kudutsanso momwemo? Eya, ndipo ubwino wake wagona pomwepo. Popita mumakhala ngati mukuyendera malo, mukuona kuti apa pali mthunzi, apo pali mchenga wotsetsereka bwino, pakuti pali anthu ambiri, pakuti pakununkha thope, ndiye pobwerera mumakhala pamalo omwe mwawasankha ndi maso anu osati a munthu wina wa pa intaneti. Mtunda mumadula nokha, wina akati ine basi ndalema, amakhala pa benchi kapena pansi pa mtengo ndi mdzukulu mmodzi, enawo apitirira n'kumupeza pobwera, palibe yemwe wasokoneza mnzake. Ndipo zoti mukuona zomwezomwezo sizoona kwenikweni, pobwerera dzuwa lasuntha, phiri lomwe linali kumbuyo kwanu lili kumaso, madzi asintha mtundu.

Chinsinsi china cha njira zamtunduwu n'chakuti khwimbi la anthu limathera pa kilomita yoyamba. Anthu ambiri sakonda kunyamula katundu mtunda wautali, nde amaunjikana pagombe loyamba, mawailesi, mipira, utsi wa nyama zowotcha, zonse pamodzi. Mukangoyenda mphindi 20 mumapeza kagombe kena kachete. Kungoti apa pali kusinthanitsa komwe muyenera kukudziwa, gombe loyamba lija ndi lomwe limakhala ndi chimbudzi, mpopi, mabini, nthawi zina ndi opulumutsa anthu m'madzi, pomwe kagombe kachete kaja kalibe chilichonse, olo netiweki mwina kulibe. Ngati pagulu panu palibe wodziwa kusambira bwinobwino, phokoso lilekereni, khalani pomwe pali anthu.

Yachitatu ndi ya m'tauni, ya simenti kapena phula, yokhala ndi magetsi ndi mabenchi. Ku Chicago, ku America, njira ya Lakefront Trail imatsata nyanja ya Michigan pafupifupi makilomita 30, ndipo pofika 2018 anaigawa kuti apanjinga akhale ndi yawo, oyenda pansi yawo, chifukwa zinkagundana. Ku Taupo, m'mbali mwa nyanja yaikulu kwambiri ya New Zealand, kulinso njira yotere yochoka m'tauni kukafika ku Five Mile Bay, makilomita ngati 10. Kwa munthu wa pa njinga ya olumala, mayi wokankha kangolo ka khanda, kapena yemwe wangochira kumene ndipo adokotala amuuza kuti aziyenda pang'onopang'ono, palibe inanso yoposa iyi, ndipo sindigwirizana ndi omwe amati imeneyi si njira yeniyeni. Munthu wa pa njinga ya olumala kamtunda kokwera mita imodzi pa mamita 12 aliwonse ndiye malire ake, kupitirira apo afunika womukankha, ndipo mizu ya mitengo kapena mchenga wakuya ndi khoma kwa iyeyo, pomwe ife timangolumpha osazindikira n'komwe. Mungalowe paliponse, kutuluka paliponse, basi ili pafupi, chimbudzi chili pafupi.

Zoipa zake ziliponso. Simenti imatentha ndipo imaumiza mapazi kuposa dothi, mthunzi umachepa, apanjinga amadutsa ngati mphepo nde dzanja la mwana osalisiya. Chachikulu ndi madzi. Mvula yamphamvu ikagwa, ngalande za m'tauni zimakokolola zonse za m'misewu, nthawi zina ndi zam'zimbudzi zomwe zikasefukira, n'kukathira m'nyanja pafupi ndi gombe lomwelo. N'chifukwa chake m'malo ambiri azaumoyo amalangiza kudikira masiku awiri kapena atatu mvula yotere ikagwa musanasambire. Ndipo pafupi ndi paipi kapena ngalande yothira m'nyanja, olo madzi aoneke oyera bwanji, mwana asaseweretsepo. Pa nyanja zikuluzikulu ngati Michigan palinso mafunde ndi mphamvu ya madzi yokokera munthu kuya, makamaka pafupi ndi makoma ndi milatho yolowa m'madzi, anthu amaiwala poganiza kuti zimenezo nza kunyanja yamchere kokha.

Njira ya matabwa yodutsa m'dambo ndi m'mabango sinditayapo nthawi yambiri. Njokongola, mbalame zimakhala zambiri, ana amasangalala ndi kulira kwa matabwa, koma kumeneko nkoyenda ndi kuona, osati kosambira. Pansi ndi thope, udzudzu umayamba dzuwa likangopendeka, poyala nsalu palibe. Ku Plitvice ku Croatia, nyanja 16 zolumikizana ndi mathithi, madzi oyera ngati galasi, kusambira nkoletsedwa. Nde ngati mwalonjeza ana kuti akasambira, fufuzani kaye lamulo la malowo, chifukwa kulira kwa mwana yemwe wavala kale zosambirira ataimirira pafupi ndi madzi oletsedwa kumapweteka mtima. Nthawi zina chiletso sichikhala cha boma koma cha eni malo, monga pafupi ndi Tikitapu ija pali nyanja ina, Rotokakahi, yomwe kwa Amaori, eni nthaka a ku New Zealand, njopatulika, sasambiramo, sapalasamo bwato. Zotere timangolemekeza.

Pa za damu ndiye ndilankhulepo mwamphamvu pang'ono. Njira za m'mbali mwa madamu nthawi zambiri ndi zosalala kwambiri kuposa zonse chifukwa zinakonzedwa kuti magalimoto a ogwira ntchito azidutsa, malo a pikiniki amakhala otchetchedwa bwino, madzi ali phee, nde munthu watenthedwa amakopeka. Koma damu ndi chigwa chomwe anachimiza. Pansi pake pali zitsa, mitengo yoima, waya wa mipanda yakale, miyala yosongoka, ndipo m'mphepete simutsetsereka pang'onopang'ono ngati gombe lachilengedwe, mumaponda kamodzi madzi m'mawondo, kachiwiri mulibe pansi. Makoma a simenti amakhala oterera ndi ndere moti wolowa amalephera kutuluka, pafupi ndi nsanja yokokera madzi pali mphamvu yokoka yosaoneka pamwamba, ndipo madzi amakwera kapena kutsika malinga ndi momwe atsegulira zitseko. Madamu ambiri a madzi akumwa amaletseratu kusambira. Alipo ena omwe anakonza gombe lapadera, anathira mchenga n'kuika zingwe zoyandama zosonyeza malire, pamenepo palibe vuto, sambirani mkati mwa zingwezo. Popanda zimenezo, yendani, idyani, jambulani, m'madzi musalowe.

Nyanja za kumapiri nazonso zimanyenga mwanjira yake. Lake Louise ku Canada ili ndi kanjira ka makilomita 2 kotsata gombe, kosalala koti agogo angayende, madzi ake obiriwira mochititsa kaso chifukwa cha fumbi la miyala lomwe madzi oundana a kuphiri amapera. Koma madzi omwewo olo pakati pa chilimwe kawirikawiri sapitirira madigiri 5. Munthu akagwera mwadzidzidzi m'madzi osakwana madigiri 15, thupi limadzidzimuka, amakoka mpweya mosafuna, kupuma kumathamanga, ndipo ngati mutu uli pansi pa madzi nthawi imeneyo wamwa. Zimatenga mphindi imodzi kapena kupitirirako pang'ono kuti kupuma kubwerere m'malo, nde malangizo ake ndi oti ugone chagada, manja ndi miyendo utambasule, uyandame kaye osalimbana ndi madzi. Izi zimagwira ndi akatswiri omwe osambira, mphamvu sizithandiza. Ndipo musaganize kuti nza nyanja za chipale zokha, nyanja zambiri zakuya nyengo yotentha zimakhala ndi madzi ofunda pamwamba, pansi pake ozizira kwambiri, mungazimve nokha mukaima m'madzi akuya mapewa akufunda koma zala za kumapazi zikuzizidwa. Walden Pond ija kukula kwake nkochepa koma pakati pake ndi pakuya mamita opitirira 30. Wodumpha kuchokera pamwala amapyola madzi ofunda aja kamodzin'kamodzi.

Tsono njira iliyonse yomwe mwasankha, mukafika pagombe musathamangire kuvula. Ine ndimatenga mphindi zisanu, ana akudandaula choncho, ndimalowa ndekha ndi ndodo. Ndimayenda pang'onopang'ono kuona ngati pansi pakutsika mofatsa kapena pali pomwe pakuthera mwadzidzidzi, ngati ndi mchenga wolimba kapena thope lomeza phazi, ngati pali magalasi osweka kapena mbedza. Madzi akafika m'chiuno mwa mwana wamng'ono kwambiri ndimaima, ndimayang'ana chizindikiro kumtunda, kaya mwala kaya mtengo, n'kuwauza kuti malire ndi pano. Ndikaima m'madzi ofika m'mawondo n'kulephera kuona zala zanga, ndimakayika kale.

Ndimayang'ananso mtundu wa madzi. Akakhala ngati mwathiridwa penti wobiriwira, kapena pali thovu lobiriwira lomwe mphepo yaunjika m'mphepete, kapena fungo lachilendo ndi nsomba zakufa, amenewo akhoza kukhala tizilombo tomwe amatitcha cyanobacteria, timachulukana m'madzi ofunda odekha momwe mwalowa feteleza wambiri. Poizoni wake amayabwitsa khungu, kutsegula m'mimba, ena amawononga chiwindi, agalu amafa nawo akamwa kapena kunyambita ubweya, ndipo kuwiritsa madziwo sikuchotsa poizoniyo. M'mayiko otentha muonjezerepo likodzo, lomwe limadzera mu nkhono za m'madzi osaya, odekha, a zomera zambiri, makamaka pafupi ndi pomwe anthu amachapa ndi kudzithandiza. Tizilombo take timaboola khungu osamva kuwawa, zizindikiro zimabwera patapita masabata, nde ngati mwasambira malo okayikitsa kayezetseni, mankhwala ake a praziquantel alipo ndipo amagwira. Komwe kuli ng'ona ndi mvuu, funsani anthu okhala pamalopo musanaponde m'madzi, ndipo m'mamawa kwambiri kapena chisisira musayandikire m'mabango.

Za ana ndinene mosabisa, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linati mu 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira m'madzi padziko lonse, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi aliwonse anali mwana wosakwana zaka 5. Mwana akamamira sakuwa, sakupiza manja ngati momwe timaganizira, amangoti zii. Ndipo nthawi yoopsa kwambiri pa pikiniki ndi yomwe akuluakulu ali ambiri, aliyense akuganiza kuti mnzake ndiye akuyang'ana, wina akugawa mbale wina ali pa foni. Ife timachita kutchula dzina, kuti kuyambira pano mpaka mphindi 20 woyang'ana ana ndi uje, foni pansi, akatopa apereke kwa wina pomutchulanso dzina. Mwana wamng'ono akhale pomwe dzanja lanu lingamufike. Matayala opopa ndi timabedi toyandama sizilowa m'malo mwa jekete yoyandamitsa, komanso mphepo ikamachokera kumtunda kulowera kunyanja imazikankhira kuya mofulumira kuposa momwe munthu angasambirire kuzitsatira. Madzi a m'nyanja zopanda mchere sanyamulanso thupi ngati a mchere, yemwe anazolowera kunyanja yamchere amatopa msanga kuno.

Malo a pikiniki nawo, anthu amathamangira kuyala pamchenga penipeni pafupi ndi madzi, patatha theka la ola mchenga uli m'chakudya, dzuwa lili paliwombo, aliyense wafiira maso. Bola pakapinga kapena pansi pa mtengo chakumtunda pang'ono, pomwe mukukhala mukuonabe gombe lonse popanda chitsamba chotchinga. Yang'anani m'mwamba ngati mulibe nthambi youma, pansi ngati palibe nyerere, ndipo kumbukirani kuti mthunzi umayenda, womwe uli pano 11 koloko pofika 2 koloko uli kwina. Dzuwa limawotcha kwambiri kuyambira 10 m'mawa mpaka 4 masana, pamadzi limabwereranso kuchokera pansi, mafuta oteteza khungu pakani maola awiri aliwonse komanso mukangotuluka m'madzi. Chakudya chosachedwa kuwonongeka chisakhale panja pa cooler box kupitirira maola awiri, kukatentha kupyola madigiri 32 ola limodzi lokha. Apa mpomwe njira yopita n'kubwerera ndi ya m'tauni zimapambanira, chifukwa simunyamula bokosi lolemera makilomita asanu, pomwe pa yozungulira mumakakamizika kudya zopepuka za m'chikwama. Zinyalala zonse bwererani nazo, ndi nyenyeswa zomwe, abakha ndi anyani ozolowera kupatsidwa chakudya amasanduka ovuta kwa obwera pambuyo panu.

Mabingu akamveka, tulukani m'madzi nthawi yomweyo ndipo mtengo wa mthunzi uja uchokeni, lowani m'galimoto kapena m'nyumba. Mukaona kung'anima werengani masekondi mpaka bingu limveke, atatu aliwonse ndi kilomita imodzi, ndipo musabwerere m'madzi mpaka patapita mphindi 30 chimvekereni bingu lomaliza. Ichinso n'chifukwa china chomwe nyengo ya mvula sinditengera ana njira yozungulira, tsidya lija kulibe denga.

Nde mlungu wamawa mayi akubweranso, ndipo wamng'ono uja tsopano ali ndi zaka 6. Tasankha yopita n'kubwerera, tinyamuka m'mawa kusanatenthe, tiyenda mphindi 40 kapena pomwe mayi anene kuti basi, tibwerera mpaka kagombe kachiwiri komwe kali ndi mtengo waukulu ndipo chimbudzi chikuoneka chapatali, tisambira, tidya, kenako mapazi atsukidwe ndi kupukutidwa bwinobwino, masokosi ouma omwe ndasunga m'kapulasitiki avalidwe, ndipo potsala pokafika pa galimoto ndi mphindi 10 zokha.